Laisensi Yanga Inatsala ku Lusaka

Ndisanapite ku Zambia ndinali nditayendetsa malole zaka zoposa khumi ndi zisanu. Fodya, feteleza, chimanga, matabwa, zonsezi ndanyamulapo, ndipo sindinagundepo ngakhale mbuzi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu akamandiona ndikupalira mtedza kuno ku Mchinji amanong'onezana kuti ndinalandidwa laisensi chifukwa cha ngozi kapena mowa. Ine mowa sindimwa, ndipo ngozi sindinachitepo.

Mwini malole amene ndinkawagwirira ntchito atamwalira, ana awo anagulitsa galimoto zonse maliro asanazizire n'komwe. Ndinakhala pakhomo nyengo yonse ya dzinja. Kenako mkulu wina wa kutchalitchi kwathu anandiuza kuti kuli mayi wina ku Lusaka amene akufuna dalaivala wachikulire, wosamwa, wolankhula Chichewa, woti aziyendetsa bambo awo odwala. Mayiwo anandikonzera okha pemiti yogwirira ntchito. Akazi anga, amake Tadala, anandiperekeza mpaka pamalire, ndipo mawu awo omaliza anali oti ndisamale mapepala anga kuposa zovala.

Ndinatsika basi pa Intercity dzuwa likuswa mtengo. Chikwama changa chinagwidwa ndi manja anayi ndisanaponde pansi, aliyense akuti ndi wake kasitomala. Amene anandilanditsa anali bambo wina wamfupi, wa dazi, atanyamula kapepala kolembedwa dzina langa mozondoka. Anali ba Mwansa, mlonda wa masana wa kunyumba imene ndinkapitayo, Mbemba wa ku Luapula. Tsiku lomwelo anandipatsa dzina loti ba Malawi, ndiponso theka la chipinda chawo ku Kabwata. Tinkagona motchinga ndi nsalu pakati, mbaula imodzi, ndowa imodzi. M'mawa uliwonse tinkayenda limodzi kudzera ku Woodlands mpaka ku Kabulonga, kumene mipanda yake ndi yaitali moti ukhoza kugwira ntchito chaka chathunthu osaona nkhope ya woyandikana naye nyumba.

Abwana anga tinkangowatchula kuti a Madamu. Anali ndi mashopu a zovala m'tauni, ndipo pakhomo ankangogonapo. Munthu amene ndinkakhala naye kwenikweni anali bambo awo, a Sakala, mphunzitsi wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, wochokera mbali ya Vubwi pafupi ndi kwathu komwe. Impso zawo zinali zitasiya kugwira ntchito, ndiye katatu pa sabata ndinkapita nawo kuchipatala kuti makina akasefe magazi awo. Ankakana kukhala kumbuyo. Ankati kumbuyo n'kwa mabwana, iwo ndi mphunzitsi chabe. Tikangotuluka pageti ankayamba kucheza m'chilankhulo chathu chenicheni, akuti Chinyanja cha adzukulu awo chimawapweteketsa makutu. Pobwerako ankakhala ofooka ngati nsalu yonyowa, ndipo ndinkawabereka kuchoka pagalimoto mpaka pakhonde. Munthu wamkulu ngati ameneyo ankandiuza zikomo tsiku lililonse, osaphonya.

Miyezi ingapo inatha bwinobwino. Kunyumba ndinkatumiza kangachepe, Tadala anabwerera kusukulu, amake anafolera khitchini ndi malata.

Mavuto anayambira pa rodibuloko ya ku Woodlands, Lachisanu lina m'mawa tikupita kuchipatala. Wapolisi anatenga laisensi yanga, n'kuitembenuza kawiri, n'kuiika m'thumba la malaya ake.

"Iyi ni ya ku Malawi, mudala. Munkala kuno, musebenza kuno, mufunika ya kuno."

Ndinamuuza kuti anzake akhala akuiona miyezi yonseyi osanena kanthu. Anati anzakewo ndi anzake, iye ndi iye. Mpaka lero sindidziwa chimene lamulo lawo limanena kwenikweni, chifukwa aliyense amene ndinamufunsa anandiuza lamulo lakelake. Koma chimene wapolisiyo ankafuna ndinachidziwa, pakuti misewu ndakuliramo. Nditapisa dzanja m'thumba, a Sakala anandigwira mkono.

"Musampatse kanthu, a Mbewe. Ine ndaphunzitsa ana zaka zonsezi kuti aleke zimenezi."

Tinakhala pambali pa msewu maola awiri. Wapolisiyo ankaona ndithu kuti m'galimotomo muli nkhalamba yotupa mapazi, koma ankangoimitsa maminibasi ake, osatiyang'ana. Pamene ankandiponyera laisensiyo pawindo, nthawi ya a Sakala pamakina inali itadutsa, malo awo alowapo wina. Anadikira pabenchi mpaka madzulo.

A Madamu atamva, mlandu wonse unagwera ine. Wapolisi sanamutchule, bambo awo sanawatchule. Anaimbira foni a inshuwalansi, amene anawauza kuti dalaivala wokhazikika m'dzikomo ayenera kukhala ndi laisensi ya m'dzikomo, apo ayi galimoto ikachita ngozi iwo sakhudzidwa. Madzulo omwewo anandilanda makiyi n'kuwakoleka pamsomali kukhitchini. Anati mpaka nditasintha laisensi ndizitsuka magalimoto ndi kuthirira maluwa, akuluwo azipita pa takisi. Anati ndi nkhani ya sabata imodzi yokha.

Sabata imodziyo inandidyera miyezi isanu ndi iwiri.

Ofesi ya malaisensi inali m'tauni, kupitirira City Market. Ukafika m'mamawa umapeza mzere wafika kale kumsewu, ndipo m'mbali mwa mzerewo mumayendayenda madobadoba atavala bwino kuposa ogwira ntchito m'katimo. Tsiku loyamba ndinaima kuyambira m'mawa mpaka masana kuti ndingouzidwa zofunika: zithunzi, pasipoti, pemiti, fomu ya dokotala yosonyeza kuti maso anga amaona, ndi kalata yochokera ku Malawi yotsimikiza kuti laisensi yanga si yabodza. Ndinafunsa kuti nanga kompyuta ili patsogolo pawoyo singafunse inzake ya ku Lilongwe? Anandiyankha kuti ndisawaphunzitse ntchito.

Kalata imeneyo inavutitsa amake Tadala, munthu amene anali asanalowepo mu ofesi ya boma chibadwire. Ulendo woyamba ku Lilongwe anawabweza, akuti abwere mwiniwake. Ulendo wachiwiri anati netiweki palibe. Ulendo wachitatu mkazi wanga anayala chitenje pakhomo pa bwana wa ofesiyo n'kukhala pansi, n'kunena kuti sachoka, ngati akufuna aitane apolisi. Kalata inatuluka tsiku lomwelo. Anaipatsira mayi wina wogulitsa zitenje, ine n'kukailandira pa Intercity itakulungidwa m'mapepala apulasitiki atatu ngati mankhwala.

Ndinabwerera nayo ku ofesi kuja mtima uli m'malo. Pawindo panali mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka utoto. Anayala mapepala anga, n'kuloza ndi chikhadabo pa pasipoti, kenako pa laisensi. Pa pasipoti dzina langa ndi Rabson. Pa laisensi, kalaliki wina wa kwathu konkuno analemba kalekale kuti Labson, ndipo zaka zonsezo palibe anaonapo vuto.

"Aba ni bantu babili," anatero mtsikanayo.

Ndinamuuza kuti nkhope ili pamapepala onse awiriwo ndi imodzi, ndipo ndi yomweyi akuiyang'anayi. Ndinati inu kuno mumati bwela, ife kwathu timati bwera, koma tonse tikaitana munthu amabwera ndithu. Amene anali kumbuyo kwanga anaseka. Iye sanaseke. Anakankhira mapepala anga pansi pa galasi n'kuitana wotsatira.

Ndinakalumbira kwa loya kuti Rabson ndi Labson ndi mwana mmodzi wa mayi mmodzi. Bambo wa ana atatu, kukweza dzanja pamaso pa munthu wachilendo kulumbira kuti ine ndine ine. Nditabwera nayo kalata ya lumbiroyo anandiuza kuti fomu ya dokotala yatha mphamvu, ndikayezetsenso maso. Nditayezetsa anati bwana wosainira wapita ku maliro ku Mongu, ndibwere mailo. Mailo ndi mawa m'chilankhulo chawo, koma mawu omwewo amatanthauzanso dzulo, ndipo mu ofesi imene ija ndinaona kuti n'zoonadi.

Masiku onsewa ndikamachoka m'tauni ndinkabwerera kukagwira payipi ya madzi. Takisi ikabwera kudzatenga a Sakala, ine ndinkawanyamula kuwakhazika m'galimoto ya munthu wina, n'kutseka chitseko, n'kubwerera ku maluwa. Madalaivala a takisiwo ankasinthasintha. Wina ankaliza nyimbo ngati ali ku bala, wina ankawasiya pageti ya chipatala kuti adziyendere okha. Akuluwo sankadandaula kwa mwana wawo. Ankangondifunsa akabwera kuti, zafika pati, a Mbewe?

Ba Mwansa ankandimvera chisoni, koma ankandionanso ngati wopusa. Panali dobadoba wina amene anandilonjeza kuti zonse zikhoza kutha masiku awiri, popanda ngakhale mzere. Ba Mwansa ankati apa ndi patauni, ngakhale abusa amadzera khomo lomwelo. Ndinakana. Mwina kunali kunyada. Koma ndinkaona kuti laisensi imeneyo ndinaikhetsera thukuta, ndinaiphunzira pa lole yopanda sitata yoti mpaka muikankhe, ndipo sindingagulenso chinthu changa chomwe kwa munthu amene sanagwirepo chiwongolero. Komanso ndikanawayang'ana bwanji a Sakala, amene anapirira dzuwa maola awiri kukana zomwezo?

Bwana wosainira uja atabwerako ku maliro anandilandira mu ofesi mwake. Anatenga laisensi yanga n'kuibaya ndi sitepula pa fayilo, akuti munthu saloledwa kukhala ndi ziwiri. Mtima unandipweteka kumva kulira kwa sitepulayo, koma ndinati bola zithe. Kenako anandiuza kuti za malole sangangondikopera, mpaka andiyese pa lole, ndipo loleyo ndibwere nayo ndekha. Ndinamufunsa kuti munthu wogona theka la chipinda ku Kabwata lole aitenga kuti? Anati limenelo si vuto la ofesi. Anandiyesa pa kagalimoto kakang'ono ka sukulu ina yophunzitsa kuyendetsa, kubwerera m'mbuyo pakati pa migolo, ine amene ndinkalowetsa lole ya ngolo chafutambuyo pamalo otsitsira fodya anthu akuombera m'manja. Ndinakhoza. Anandipatsa kapepala kongoyembekezera, akuti khadi lenileni lituluka posachedwa.

Khadi silinatuluke. Makina osindikizira anali atawonongeka. Kapepala kaja kanatha masiku ake, ndipo nditapita kuti akawonjezere anati wodinda sitampa ali ku semina. Ndinatsala wopanda chilichonse: ya kwathu ili mu fayilo, ya kwawo ili m'makina akufa.

Linali Lachiwiri, cha m'ma teni koloko m'mawa. A Madamu anali atapita ku Kitwe kukaona shopu yawo yatsopano. Dzulo lake takisi inali itabwera mochedwa, a Sakala n'kusefedwa magazi theka lokha la nthawi yake. Ndikuthirira kapinga ndinamva kugwa kwa mpando pakhonde. Ndinawapeza ali pansi, nkhope itatupa, akupuma ngati munthu womira m'madzi. Ndinaimbira a Madamu, foni yozima. Ndinaimbira wa takisi, anati ali ku Chelstone ndi kasitomala wina, ndimudikire ola limodzi.

Sindinganame kuti ndinathamangira makiyi nthawi yomweyo. Ndinaima kaye. Ndinaganiza za rodibuloko, za selo, za pemiti yanga, za ana anga. Ndinaima ndithu, munthu akutha pamapazi anga, chifukwa cha kapepala. Zimenezi ndi zimene sindidzawakhululukira anthu a mu ofesi ija, kuti anandisandutsa munthu woima n'kumaganiza pa nthawi ngati imeneyo.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi phokoso la geti. Ba Mwansa anali atatsegula kale mbali zonse ziwiri, makiyi ali m'manja mwawo.

"Ba Malawi, tiyeni. Vamapepa tizakamba mailo."

Ndinawagoneka akuluwo kumbuyo, mutu wawo pamiyendo ya ba Mwansa, geti tinalisiya pululu. Pafupi ndi raundabauti magalimoto anali atathinana osasuntha. Ndinakwera m'mbali mwa msewu, n'kudutsa pakati pa mtengo ndi ngalande, malo oti munthu wina sakanayerekeza. Potsika pamenepo bampala yakutsogolo inakhula konkire n'kung'ambika pakona. Tinafika. Anamwino anawalandira pa machira n'kuthamanga nawo, ndipo mmodzi anatiuza pambuyo pake kuti tinachita bwino kusadikira.

A Madamu anafika madzulo dzuwa lisanalowe. Analowa kukaona bambo awo, anakhalamo kanthawi, n'kutuluka maso ali ofiira. Ine ndinaimirira pabenchi. Anandidutsa n'kupita pamene panali galimoto, anaizungulira, anawerama n'kugwira bampala ija.

"Nindani anakupasani makiyi?"

Ba Mwansa anatsegula pakamwa, koma ndinawatsogolera. Ndinati ndinatenga ndekha pamsomali. A Madamu anati ndikanagunda mwana wa munthu panjira, wopanda laisensi, wopanda inshuwalansi, akanamangidwa ndani? Anati iwo ali ndi dzina m'tauni muno. Chimene chimandiwawa n'chakuti sankanama. Koma mawu oti zikomo sanatuluke, ngakhale a pakona pa mlomo. Mwezi utatha anandiitana kukhitchini n'kundiuza kuti adikira mokwanira, apeza dalaivala wa mapepala ake. Pemiti yanga inali yomangirira pa ntchito ya pakhomo pawo, ndiye kutha kwa ntchito kunali kuthanso kwa Lusaka.

Ndinakatsanzika a Sakala ali chigonere m'chipinda mwawo. Anandigwira dzanja n'kunena kuti analankhula naye mwana wawo kawiri, koma munthu ukamadyetsedwa mawu ako salemera. Anandipempha kuti ndiwapempherere, ine ndinalephera. Anapemphera okha, kupempherera ulendo wanga.

Kutatsala masiku atatu kuti ndinyamuke, uthenga unalowa pafoni kuti khadi latuluka. Ndinapita. Mtsikana wa zikhadabo uja anandipatsa osandiyang'ana. Linali lokongola, lonyezimira, dzina lolembedwa bwino. Kumbuyo kwake kunali kachithunzi ka galimoto yaing'ono basi. Ndinati chabwino, tengani khadi lanuli, mundibwezere laisensi yanga ya ku Malawi, ndikupita kwathu. Anapita kumbuyo, anakhalako pang'ono, n'kubwera kudzandiuza kuti mafayilo otsekedwa anawasamutsira kosungira kwina ndipo sakudziwa kuti langa lili m'katoni iti. Anati ndilembe kalata yopempha.

Pamenepo ndiye ndinaphulika. Ine si munthu wokweza mawu, koma tsiku limenelo anandimva mpaka kumsewu. Ndinawauza kuti ndinalowa pakhomo pawo ndili dalaivala wa malole, ndipo andibweza ndili wophunzira. Ndinawauza kuti ali ndi manja osalala chifukwa sananyamulepo kanthu kolemera kuposa sitampa, koma aphwanya msana wa banja lonse atakhala pampando. Ndinatchula mkazi wanga amene anakhala pansi pakhomo la ofesi ngati wopemphetsa, ndi nkhalamba imene inatsala pang'ono kufera pakhonde. Mlonda wa pamenepo anandigwira paphewa mwaulemu n'kunditulutsa, ndipo tili panja anandinong'oneza kuti ndikanangoonana ndi anyamata a panjawa kuyambira pachiyambi.

Ba Mwansa anandinyamulira chikwama mpaka pa Intercity. Anandigulira mabanzi ndi botolo la maheu, n'kuima pawindo la basi mpaka inanyamuka.

Kunyumba ndinapeza zinthu zikuyenda popanda ine. Maulendo a ku Lilongwe aja anawatsegula maso amake Tadala: anayamba kupita ndi mtedza kukagulitsa kumsika waukulu, ndipo tsopano amadziwa mabasi, mitengo ndi anthu kuposa ine. Sanandinyoze ngakhale tsiku limodzi, koma ana akafuna kanthu amadutsa pamene ndakhala n'kupita kwa amayi awo. Ndinayesa kwa eni malole atatu. Aliyense ankatembenuza khadi lija, n'kuona kagalimotoko, n'kundibwezera. Ku ofesi ya kwathu anandiuza kuti m'kompyuta mukuoneka kuti ndinasamutsa laisensi, ndiye nkhani yanga ndi yovuta, ndidzabwerenso. Sindinabwerereko.

Patatha chaka ndi miyezi, ba Mwansa anandiimbira foni kuti a Sakala atisiya, ndipo akukaikidwa kumudzi kwawo. Kuchokera kwathu ndi ulendo wa theka la tsiku panjinga, kudzera njira za m'midzi zimene anthu a m'malire timayendamo. Ndinapopa mateyala n'kunyamuka kusanatenthe.

Maliro anali aakulu. Magalimoto a ku Lusaka anadzaza bwalo la sukulu, azimayi a chigwirizano atavala zoyera. Ine ndinakhala kumbuyo pamodzi ndi ba Mwansa ndi adzukulu okumba manda. Mwambo uli m'kati, wolankhula m'malo mwa banja anawerenga mawu amene a Madamu analemba. Anathokoza madokotala, anathokoza mpingo, kenako ndinamva dzina langa. Akuti panali dalaivala wina wochokera ku Malawi amene banja linamutenga ngati mwana wawo, amene anasamala malemuwo ndi mtima wonse. Anthu anang'ung'udza movomereza. Ba Mwansa anandiponda chala, ine ndinangoyang'ana dothi.

Titachoka kumanda, ndikumasula njinga yanga pamtengo wa mango, a Madamu anabwera atafunda chitenje chakuda. Anali ataonda. Anandipatsa moni wa manja awiri, n'kunena kuti bambo awo ankanditchula mpaka masiku omaliza. Kenako anati dalaivala wawo wadwala malungo kuyambira dzulo, iwo sanagone masiku atatu, ndipo msewu wa ku Lusaka ndi wautali.

"Manje laisensi muli nayo, si so? Mutipeleke, tizakamba bwino tikafika."

Khadilo linali m'thumba mwanga, ndipo galimoto inali yomwe ija, bampala yatsopano. Ndinawayang'ana mayiwo, ndinayang'ananso mulu wa dothi lofiira umene unali kuseri kwawo.

"Pepani, mayi," ndinatero. "Amene ndinkawayendetsa afika kale."

Ndinatsanzikana ndi ba Mwansa, ndinapinda buluku la kumwendo wakumanja kuti lisakodwe mu tcheni, n'kukwera njinga yanga.